Otayipa malipoti a madokotala azilipidwa pa ola, asamawerengeredwe mizere

Mu Okutobala 2024, bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press linatulutsa nkhani yomwe inautsa mapiri pachigwa m'zipatala za ku America. Atolankhani ake anapeza kuti Whisper, pulogalamu ya kampani ya OpenAI imene imamvetsera munthu akulankhula n'kulemba zomwe wanena, nthawi zina imapeka ziganizo zathunthu zomwe palibe ndi mmodzi yemwe anazilankhula. Chomwe chinaimitsa anthu mitu n'chakuti kampani ina, Nabla, inali itamanga chipangizo chake pa pulogalamu yomweyi, ndipo madokotala ndi ena ogwira ntchito zachipatala oposa 30,000 ankachigwiritsa ntchito polemba zokambirana zawo ndi odwala. Chipangizocho chikamaliza kulemba chinkafufuta mawu ojambulidwawo, ati pofuna kuteteza zinsinsi za odwala, moti wofuna kutsimikiza zimene dokotala ananenadi analibe pogwira. Kuchokera nthawi imeneyo mtsutso sunazirale. Ena akuti makinawa sanakhwime, ayambe adikira. Ena akuti zolakwikazo zikonzedwa posachedwa, ndipo ntchito ya anthu otayipa malipoti a madokotala, aja pa Chingerezi amati medical transcriptionists, yafika pamapeto basi. Onsewa akukangana za makina. Za munthu amene wakhala akutolera zolakwa za makinawo kwa zaka zambirimbiri, ndi mmene amalipidwira, sizikumveka.

Maganizo anga ndi akuti vuto lalikulu pa ntchito imeneyi ndi kalipiridwe ka pa mzere, kowerengera mizere imene munthu watayipa, ndipo kalipiridwe kameneka kayenera kutha. Munthu amene amamvetsera dokotala n'kulemba kapena kukonza lipoti la wodwala azilipidwa pa ola, monga mmene amalipidwira namwino kapena woyeza magazi, ndipo chipatala chimene chikugwiritsa ntchito lipotilo chizidziwa kuti walilemba ndani, ali kuti, ndipo walandira zingati. Ndikunena izi pa zifukwa ziwiri zomwe sizingalekanitsidwe. Kulipira pa mzere kumasenzetsa wantchito mavuto onse amene sanawayambitse iye, komanso kumamulanga akachita chinthu chimene wodwala akufuna kwambiri, chomwe ndi kuima kaye n'kutsimikiza.

Kuti timvane bwino, tione kaye mmene ntchitoyi imayendera. Dokotala akamaliza kuona wodwala kapena kuchita opaleshoni, amalankhula pa foni kapena pa kachipangizo kojambula mawu, kufotokoza mbiri ya matenda, zomwe wapeza, mankhwala ndi mlingo wake. Mawuwo amapita pa intaneti kwa wotayipa, amene nthawi zambiri amakhala mayi wogwirira ntchito kunyumba. Iye amavala mahedifoni, phazi lili pa chopondera chokhala ndi mbali zitatu: pakati kuti mawu ayende, mbali ina kubweza m'mbuyo, ina kupititsa patsogolo. Manja sachoka pa kiyibodi. Chimene amalipidwa ndi mzere, ndipo muyezo wofala pa ntchitoyi umati mzere umodzi ndi zilembo 65. Makampani ena amawerenga ndi mipata ya pakati pa mawu yomwe, ena amawerenga zilembo zooneka zokha, ndipo kusiyana kumeneku kokha kumatha kudya gawo looneka ndithu la malipiro a munthu. Mitengo imene imatchulidwa kawirikawiri ku America ndi masenti 7 mpaka 10 pa mzere wotayipa kuchokera pachiyambi, ndi pafupifupi theka lake pa mzere umene makina alemba kale, munthu n'kungokonza. Pamwamba pa izi pali malamulo awiri okhwima: lipoti likhale lolondola pa mlingo wa 98 peresenti kapena kuposerapo, ndiponso libwerere m'nthawi yake, kawirikawiri pasanathe maola 24, ndipo la changu m'maola ochepa chabe. Malinga ndi ofesi ya boma la America yosunga ziwerengero za ntchito, Bureau of Labor Statistics, malipiro apakatikati a otayipawa mu 2023 anali madola pafupifupi 37,000 pa chaka, pamene apakatikati a ogwira ntchito onse m'dzikomo anali pafupifupi 48,000. Kwa ife kuno ndalama imeneyi ingamveke ngati chuma cha mfumu, koma kumeneko ndi malipiro a munthu wongopeza ya lendi ndi chakudya.

Tsono oikira kumbuyo kalipiridwe kameneka ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zomveka ndithu. Yoyamba ndi yakuti kulipira pa mzere n'chilungamo chenicheni: wachangu amapeza zambiri, waulesi amapeza zochepa, ndipo palibe bwana woimirira kumbuyo kwa munthu kumuwerengera nthawi yopita kuchimbudzi. Amatinso ambiri mwa otayipawa anasankha okha ntchitoyi chifukwa imawalola kugwirira kunyumba, kulera ana kapena kusamalira makolo okalamba. N'zoona kuti kale analipo otayipa aluso amene ankapeza bwino kwambiri pa mzere kusiyana ndi mmene akanapezera pa ola. Koma mfundoyi imaima pokhapokha ngati mizere yonse ili yofanana, ndipo siyofanana. Aliyense amene anagwirapo ganyu wolima amadziwa kuti mzere wa pa dothi lofewa la m'dambo ndi mzere wa pa dothi louma lodzaza zitsa ndi miyala si ntchito imodzi, ngakhale mwini munda atchule mtengo umodzi. Dokotala wina amalankhula pang'onopang'ono, mawu omveka, mwadongosolo, ndipo lipoti lake limatha m'mphindi zochepa. Wina amalankhula akutafuna chakudya, akuyendetsa galimoto, kapena ali m'khonde la chipatala momwe mabelu akulira ndipo anamwino akuitanana. Amameza theka la dzina la mankhwala, amasiya chiganizo pakati kuti ayankhe foni, kenako n'kuyamba za wodwala wina osanena kuti wasintha. Wotayipa amabweza mawuwo kasanu, kakhumi, kutsegula buku la mankhwala, kufufuza ngati mlingo wotchulidwawo ulipodi. Nthawi yonseyo palibe mzere umene walemba, choncho palibe senti imene wapeza. Iye sasankha dokotala, makina ogawa ntchito ndi amene amamuponyera. Ndiye zatheka bwanji kuti kusasamala kwa dokotala wolandira madola masauzande ambirimbiri kulipiridwe ndi mayi wolandira masenti?

Komanso pali masiku amene ntchito kulibiretu. Wotayipa amakhala pa kompyuta nthawi imene anagwirizana, koma pa mndandanda wa ntchito zodikira palibe lipoti lililonse, mwina chifukwa ndi nthawi ya tchuthi kapena kampani yalemba anthu ambiri kuposa ntchito yomwe ilipo, poti kuchulukitsa anthu olipidwa pa mzere sikuiwonongetsa kanthu. Pa 27 Juni 2017, kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa NotPetya kanagwetsa makina a kampani ya Nuance, imene inali yaikulu kwambiri pa ntchitoyi, ndipo zipatala zambiri zinakhala milungu ingapo zikuvutika kupeza malipoti awo. Kwa munthu wolipidwa pa ola, nthawi yotere malipiro amakhalapobe chifukwa vuto si lake. Kwa wolipidwa pa mzere, chilichonse chimene angalandire chimadalira chifundo cha bwana. Ndipo ambiri salembedwa n'komwe ngati antchito a kampani. Amatchedwa makontirakita odziimira paokha, kutanthauza kuti lamulo la malipiro otsikitsitsa, omwe boma lalikulu la America lawasiya pa madola 7.25 pa ola kuyambira 2009, siliwateteza. Alibe tchuthi cholipidwa, alibe inshuwalansi ya kuchipatala yochokera kuntchito, kompyuta ndi intaneti amalipira okha. Manja akayamba kuchita dzanzi ndi kupweteka m'mfundo, matenda odziwika bwino kwa anthu otayipa tsiku lonse, amadzionera okha. Ufulu wogwirira kunyumba ndi wabwino, koma palibe chimene chimaletsa munthu wogwirira kunyumba kulipidwa pa ola. Ntchito zambiri za m'maofesi zakhala zikutero kuyambira nthawi ya Covid-19.

Chinanso chimene oikira kumbuyo mzere sakonda kukamba n'chakuti wowerenga mizereyo ndi yemweyo wolipira. Mu 2009, bungwe la boma loyang'anira misika ya masheya ku America, SEC, linaimba mlandu kampani ya MedQuist, yomwe panthawi ina inali yaikulu kuposa onse pa ntchitoyi, kuti pakati pa 1999 ndi 2004 inkakweza mwachinsinsi chiwerengero cha mizere polipiritsa zipatala. Nkhaniyo inatha mogwirizana kunja kwa khoti. Otayipa a kampani yomweyo nawonso anakasuma, kunena kuti powalipira iwo mizere inkachepetsedwa. Ngati zipatala zikuluzikulu, zokhala ndi akatswiri owerengera ndalama ndi maloya awo, zinatha zaka zisakudziwa kuti mzere umene zikulipira ndi wautali bwanji, nanga mayi ali yekha m'chipinda chake angadziwe bwanji? Ola lili ndi mphindi 60 kulikonse, ndipo wotchi aliyense ali nayo.

Mfundo yachiwiri ya oikira kumbuyo mzere ndi imene ikumveka kwambiri masiku ano. Akuti makina ndi amene akugwira gawo lalikulu la ntchito, munthu akungowerenga n'kukonza apa ndi apo, choncho kumupatsa theka la mtengo wakale n'koyenera. Pongoimva, mfundoyi ikuoneka yowongoka. Koma tiyeni tiwerengetse. Tiyerekeze munthu amene ankatayipa mizere 150 pa ola pa masenti 8: ankapeza madola 12. Akamupatsa masenti 4 pa mzere wokonza, ayenera kumaliza mizere 300 pa ola kuti apeze ndalama yomweyo. Vuto n'lakuti kukonza moona mtima kumafuna kumvetsera mawu onse a dokotala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, uku maso akutsatira zimene makina alemba. Lipoti limene dokotala analankhula mphindi zisanu silingamvetseredwe m'mphindi ziwiri popanda kudumpha. Ndipo zolakwa za makina n'zoopsa mwa mtundu wake, chifukwa zimaoneka zabwino. Munthu akalephera kumva mawu amasiya mpata n'kuika chizindikiro kuti dokotala aone. Makina sasiya mpata, amalembapo liwu lenileni lachipatala, lolembedwa bwinobwino, koma lolakwika. Hypertension, kuthamanga kwa magazi, ndi hypotension, kutsika kwa magazi, zimasiyana pang'ono kwambiri m'khutu. Chimodzimodzi 15 ndi 50 pa Chingerezi. Kaliwu kamodzi kokana kakagwa, wodwala amene alibe chotupa amasanduka woti ali nacho. Kupeza zoterezi m'chiganizo chooneka chosalala kumafuna maso ndi makutu akuthwa kuposa kutayipa wekha, chifukwa diso limakhulupirira msanga chinthu cholembedwa mwaudongo.

Pa mfundo imeneyi pali umboni wogwirika. Mu 2018, magazini ya zachipatala ya JAMA Network Open inafalitsa kafukufuku wa Li Zhou ndi anzake, amene anaunika malipoti 217 ochokera m'zipatala za ku Boston ndi ku Colorado. Anapeza kuti malipoti ongochokera m'makina anali ndi zolakwa 7.4 pa mawu 100 alionse. Otayipa atawakonza, zolakwazo zinatsika kufika pa 0.4. Madokotala atawerenga n'kusaina, zinafika pa 0.3. Ziwerengerozi zikunena momveka kuti pafupifupi ntchito yonse yoyeretsa lipoti inagwiridwa ndi wotayipa, dokotala anangopungulako pang'ono. Ndikuvomereza kuti makina a lero ndi abwino kuposa a nthawi imeneyo. Koma kuchepa kwa zolakwa sikuchepetsa nthawi yomvetsera, ndipo kumapangitsa cholakwa chotsalacho kubisala bwino. Choncho munthu amene akuchotsa zoopsa m'lipoti ndi yemweyo amene malipiro ake adulidwa pakati, ndipo njira yokhayo yoti abweze ndalama yake ndi kuthamanga, kusiya kumvetsera mbali zina, kukhulupirira makina. Akachita changu n'kuphonya, amamudula mamaki ndipo mwina amuchotsa ntchito. Akachita mosamala, lendi imamukanika. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, koma apa kalipiridwe kakumuuza munthu kuti athamange basi, zofika aziona yekha.

Wina anganene kuti, chabwino, koma dokotala ndi amene amasaina, ndiye udindo womaliza ndi wake. Pa pepala zili choncho. Zenizeni n'zakuti madokotala a ku America amira kale m'zolembalemba. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu Annals of Internal Medicine mu 2016 anapeza kuti pa ola lililonse limene dokotala amakhala ndi odwala, amatha pafupifupi maola awiri ali pa kompyuta ndi pa desiki. Munthu wotere akapatsidwa malipoti 30 madzulo kuti asaine, sawerenga liwu ndi liwu. Ndipo nthawi zina lipoti limagwiritsidwa ntchito iye asanalione n'komwe. Ndi zimene zinachitika ku Alabama mu 2008. Mayi wina wodwala shuga anatulutsidwa m'chipatala cha Thomas Hospital ku Fairhope kupita kumalo ena osamalirako odwala. Dokotala wake ananena kuti azilandira mayuniti 8 a insulini. Lipoti, lomwe linakatayipidwa ku India kudzera m'makampani olandirana ntchito, linalembedwa 80. Dokotalayo anali asanaliwerenge kapena kulisaina pamene nambala ija inakoperedwa pa pepala lotumizira wodwalayo. Mayiyo anabayidwa mlingo wochuluka kakhumi, ubongo unawonongeka, ndipo anamwalira. Mu 2012 khoti la ku Baldwin County linagamula kuti banja lake lipatsidwe madola 140 miliyoni. Maloya a banjalo ananena kuti chipatalacho chinalola kuti ntchito ipite kunja pofuna kupulumutsa masenti 2 pa mzere.

Nkhani imeneyi ikutifikitsa pa mfundo ina ya otsutsa imene ine, monga munthu wa dziko losauka, ndimaimva mwamphamvu kuposa zonse. Akuti madandaulo onsewa ndi nsanje chabe ya antchito a ku America amene sakufuna kuti ntchito ipite kwa anzawo a ku Bengaluru kapena ku Manila. Akuti masenti ochepa amene Mmereka amawanyoza ndi malipiro olemekezeka ku India kapena ku Philippines, ndipo ntchitoyi yaphunzitsa ana ndi kumanga nyumba m'mayiko amenewo kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Izi n'zoona, ndipo sindingayerekeze kunena kuti ntchito ikhale ya Amereka okha. Achinyamata athu ambiri ophunzira, amene akuyenda ndi maenvulopu m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, ntchito yotereyi angailandire ndi manja awiri, ndipo ena akuisakasaka kale pa intaneti. Sindikukhulupiriranso zoti wotayipa wa ku India ndi wosasamala mwachibadwa kuposa wa ku Ohio. Koma taonani chimene chimachitika ntchito ikamadutsa m'manja ambiri. Mu 2003, chipatala cha UCSF ku San Francisco chinalandira uthenga kuchokera kwa mayi wina wa ku Karachi, ku Pakistan, woopseza kuti aika malipoti a odwala poyera pa intaneti ngati salipidwa, ndipo anatumiza ena mwa malipotiwo monga umboni. Chipatalacho sichinkadziwa n'komwe kuti ntchito yake ikukafika ku Pakistan. Chinaipereka kwa kampani ya ku California komweko, kampaniyo inaipereka kwa munthu wa ku Florida, wa ku Florida kwa wa ku Texas, wa ku Texas kwa mayi uja. Aliyense ankatapapo zake pa mzere uliwonse, ndipo amene ankagwiradi ntchitoyo ankalandira gawo laling'ono zedi, kenako anasiya kulipidwa. Ngongole yake inali ya madola mazana ochepa chabe. Zimene anachita zinali zolakwika, palibe kukana, koma anali atasowa khomo lina logogoda.

Choncho funso loyenera si lakuti ntchito igwiridwe ku dziko liti. Chofunika kuona n'chakuti mzere ndi chinthu chosavuta kugulitsa ndi kugulitsanso. Munthu wa pakati amagula mzere pa mtengo wina n'kuugulitsa pa mtengo wotsikirapo, iye osamvetsera ngakhale lipoti limodzi. Kumapeto kwa mndandandawo kumakhala munthu amene alibe nthawi yofunsa, alibe nambala ya foni ya dokotala, ndipo sangakwanitse kuima mphindi zisanu kudabwa ngati mayuniti 80 ali oyenera kwa wodwala ameneyu. Lamulo la HIPAA la 1996 limakakamiza zipatala ndi makampani ogwira nazo ntchito kuteteza zinsinsi za odwala, koma lamulo la ku America kulitsatitsa kwa munthu wachinayi pa mndandanda, ali kutsidya kwa nyanja, n'kovuta. Wotayipa wa ku Manila wolembedwa ntchito mwachindunji, wolipidwa pa ola malipiro okwanira kumeneko, wodziwika dzina ku chipatala chimene akuchigwirira, ndi wotetezeka, ndipo wodwalanso ndi wotetezeka. Mfundo yanga ikumuikira kumbuyo iyeyo mofanana ndi mnzake wa ku America.

Yotsala ndi mfundo ya anthu amene amati zonsezi n'kutaya nthawi chifukwa ntchitoyi ikufa. Ziwerengero zili kumbali yawo pang'ono: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 otayipa malipoti a madokotala ku America analipo pafupifupi 100,000, pano atsala pafupifupi theka. Lamulo la HITECH la 2009 linathira madola mabiliyoni ambiri kuti zipatala zisamukire ku mafayilo a pa kompyuta, ndipo madokotala ambiri anayamba kudzilembera okha podina timabokosi kapena kulankhula mwachindunji kwa pulogalamu monga Dragon. Tsopano kwabwera AI, nzeru zochita kupanga za pa kompyuta, imene imamvetsera dokotala akucheza ndi wodwala n'kulemba lipoti yokha. Sindikutsutsa kuti kutayipa kuchokera pachiyambi kukutha. Koma ngakhale theka lotsalalo ndi anthu masauzande ambirimbiri, osawerengera a ku India ndi ku Philippines, ndipo kuchepa kwa ntchito sikunakhalepo chifukwa chololera kuti otsalawo aponderezedwe. Chachikulu n'chakuti ntchito yotsimikiza zomwe makina alemba ikhalapobe, dzina lokha ndi limene likusintha. AI yatsopanoyi simangomva molakwika ayi, imathanso kufupikitsa, kusiya zina, ndi kuwonjezera zomwe sizinanenedwe. Wina ayenera kuziona. Ngati si wotayipa wodziwa mayina a mankhwala ndi ziwalo za thupi, ndiye ndi dokotala yemwe uja wotopa, amene ola lake ndi lokwera mtengo kangapo. Bungwe la otayipawa, lomwe linayamba mu 1978 ndipo pano limatchedwa AHDI, lakhala likunena kwa nthawi yaitali kuti ntchito yawo ndi yoteteza kulondola kwa mbiri ya wodwala. Kalipiridwe kamene tikalole pa iwo lero ndi kamene kadzagwiritsidwe ntchito pa aliyense wolembedwa kuti aziyang'anira AI, kaya m'chipatala, m'khoti kapena ku banki.

Ndiyenera kuvomereza chinthu chimodzi kwa otsutsa. Kulipira pa ola kuli ndi vuto lake: ena adzachita ulesi, ndipo makampani adzayankha poika mapulogalamu ozonda wantchito, owerenga kugunda kulikonse kwa chala. Zimenezi zikuchitika kale m'ntchito zina za pa intaneti ndipo n'zosautsa. Komabe njira yapakati ilipo, ndipo zipatala zina zimene zimadzilembera zokha otayipa zakhala zikuitsata: malipiro okhazikika a pa ola, kenako kangachepe kowonjezera kwa amene wapitirira muyezo popanda kutsitsa kulondola. Muyezowo uziganizira kuvuta kwa mawu a dokotala. Nthawi yofufuza mankhwala, yofunsa, ndi yodikira ntchito iziwerengedwa ngati ntchito. Ndipo dokotala amene amalankhula akutafuna aziuzidwa ndi akuluakulu a chipatala kuti asinthe, chifukwa tsopano nthawi imene akuwononga ikulipiridwa ndi chipatalacho. Ichi ndi chimene kulipira pa ola kumachita mwakachetechete: kumabwezera mtengo wa kusasamala kwa amene ali ndi mphamvu yokonza.

Zoti ndalama kulibe sindikuzivomereza. Mu 2021 Microsoft inalengeza kuti ikugula Nuance pa madola 19.7 biliyoni, ndipo mu 2019 kampani ya 3M inagula gawo la zaukadaulo la M*Modal, yomwe kale inali MedQuist ija, pa madola pafupifupi 1 biliyoni. Chimene chinapatsa makampaniwa mtengo wotere, mwa zina, ndi makina amene anaphunzira kumva madokotala pogwiritsa ntchito malipoti okonzedwa ndi anthu: wotayipa akakonza liwu, pulogalamu imaphunzira, mawa silakwitsanso pomwepo. Anthuwa anaphunzitsa makina amene anadzadula malipiro awo, ndipo pa kuphunzitsako sanalandire kanthu. Kumbali ya chipatala, tiwerengetsenso. Lipoti lotulutsira wodwala litakhala la mizere 60, kusiyana kwa masenti 4 ndi masenti 8 pa mzere ndi madola 2.40. Tsiku limodzi logona m'chipatala ku America limadya madola masauzande. Chipatala chimene chikusaina kontirakiti ndi kampani yotayipa chili ndi mphamvu yolembamo zinthu zitatu lero lomwe, popanda kudikira lamulo latsopano: kuti aliyense wokhudza malipoti ake azilipidwa pa ola, kuti ntchito isaperekedwe kwa wina popanda chilolezo cholembedwa, ndiponso kuti chipatalacho chizitha kuona mabuku a malipiro nthawi iliyonse imene chafuna.